Martina ndi Nkhope za ku Chanyanya

Martina Chisale anabadwira ku Kafue m'chaka cha 1976, m'nyumba ya zipinda ziwiri ya ogwira ntchito pafakitale ya nsalu. Agogo ake aamuna anachokera ku Dedza kalekale kudzasaka ntchito, ndipo sanabwererenso. Bambo ake, a Wenceslaus, ankagwira ntchito yonyika nsalu mu utoto kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, moti zikhadabo zawo zinali zobiriwira moyo wawo wonse. Koma anthu a m'tauni sankawadziwira utotowo. Ankawadziwira kamera. Loweruka lililonse ankaipachika m'khosi, kukwera njinga, n'kumazungulira Nangongwe ndi Shimabala, nthawi zina mpaka ku Chanyanya kwa asodzi, kujambula maukwati, maubatizo, matimu a mpira, ndi wina aliyense amene wavala malaya atsopano tsiku limenelo.

Pa ana asanu, Martina ndiye anali wosayankhulayankhula. Ankalemba bwino, choncho bambo ake anamupatsa ntchito yolemba kuseri kwa chithunzi chilichonse tsiku ndi malo. Mayina sankalemba. A Wenceslaus ankati mayina ali m'mutu mwawo, ndipo panalibe amene ankaganiza kuti mutuwo udzagona pansi tsiku lina.

Atamaliza sukulu anakaphunzira kutaipa ku Lusaka, nabwerera kudzagwira ntchito mu ofesi ya fakitale yomweyo. Anakwatiwa ndi Shadreck, dalaivala wa malole, mwamuna wanthabwala amene ankamuseka kuti amayankhula ndi zala. Anabereka ana awiri. Shadreck anadwala nthawi yaitali namwalira mu 2004, ndipo pasanapite nthawi fakitale nayo inatseka zipata. Martina sanadandaule pamaso pa anthu. Anapeza kachipinda pafupi ndi msika wa Nangongwe, naikamo kompyuta ndi makina a fotokope, nayamba kutaipira anthu makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Ana ake anakulira m'kachipindako, akuchita homuweki pamwamba pa makatoni a mapepala, mpaka onse anapita kwawokwawo.

A Wenceslaus anamwalira mu 2021. Pogawana katundu, pansi pa bedi lawo panapezeka bokosi lachitsulo lodzaza zithunzi zimene eni ake sanabwere kudzatenga. Zinalipo zoposa chikwi, zina zitamatirirana, zina zitadyedwa ndi mphemvu m'mbali. Mchimwene wake wamkulu anati azitenthe, popeza ndi anthu osawadziwa. Martina anatembenuza chimodzi, napeza zolemba za dzanja lake ali mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu. Sanatsutsane ndi munthu. Anaitana wawilibala, bokosilo linapita ku shopu.

Linakhala pakona zaka ziwiri. Amene anabweretsa maganizo a bulogu, tsamba la pa intaneti loikapo zithunzizo, anali Gershom Siame, mphunzitsi wa makompyuta pasekondale ina, mnzake wa Martina kuyambira ku pulaimale. Tsiku lina atabwera kudzapanga fotokope mayeso a ana, anaona Martina akupukuta zithunzi ndi kansalu.

"Ba Martina, ivi vintu sivifunika kunkala mu bokosi," anatero m'Chinyanja cha m'tauni. "Viikeni pa intaneti. Bene bake bazavipeza beka."

Masana amodzi anamukhazikitsira bulogu pa WordPress, namuonetsa polowera ndi poika zithunzi, nati zotsalazo aziphunzira yekha poti zala zake n'zozolowera kale. Martina anaitcha Kamera ya a Chisale. Makasitomala akachepa ankatenga zithunzi zisanu kapena khumi, kuzijambula ndi foni, kuziika pa bulogu, n'kulemba pansi pake zomwe zinali kuseri. Anatumiza adiresi yake ku gulu la WhatsApp la amayi a ku parishi, ndipo kuchoka kumeneko inayenda yokha.

Anthu anakondwa, komanso anadandaula. Pafoni zithunzizo zinkaoneka zazing'ono ngati sitampa. Munthu akachigunda ndi chala sichinkachita kanthu, ndipo akachikoka kuti chikule, tsamba lonse linkasokonekera, mawu kuthawira kumbali. Achikulire ankangobweza foni kwa mwini wake n'kunena kuti maso atha. Martina ankamva zonsezi, koma ankaziona ngati mmene zinthu za pa intaneti zimakhalira.

Lachinayi lina m'mawa, m'mwezi wa June, panalowa mayi wina wamtali, wazaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, atasenza beseni la nsomba zouma. Analitula pakhomo, napukuta manja pachitenje, napereka moni. Anati dzina lawo ndi Bertha, amakhala ku Chanyanya, ndipo Lachinayi lililonse amabweretsa nsomba kumsika.

"Ndimwe mwana wa ba Chisale bokopa vithunzi?"

"Ndine, mayi. Khalani pampandopo."

Mayi Bertha anakhala m'mphepete mwa mpando. Anafotokoza kuti mwana wawo wamkazi, Chileshe, anawaonetsa pafoni chithunzi cha asodzi khumi ndi asanu ndi awiri ataima pafupi ndi mabwato, chojambulidwa mu 1993. Wachitatu kuchokera kumanzere, wovala chipewa, anali amuna awo, a Goodwell. Anamwalira mu 1996, mvuu itagubuduza bwato lawo pamtsinje, Chileshe ali m'mimba. Zithunzi ziwiri zomwe anali nazo zinaonongeka chaka chimene madzi analowa m'nyumba. Kuyambira pamenepo analibe chilichonse choonetsa mwanayo kuti bambo ake ankaoneka bwanji.

"Chipewa nachiziba," anatero. "Koma nkhope sioneka. Nifuna chabe kuona nkhope, na mwana aione."

Martina anafufuza m'bokosi nachipeza chithunzicho. Chinali chaching'ono kuposa chikhato, ndipo nkhope iliyonse inali ngati njere ya mapira. Mayi Bertha anachiyandikiza kumaso, nachitalikitsa, napita nacho pakhomo pomwe panali kuwala, kenako anachibweza mwaulemu ndi manja awiri.

"Mundipatse masabata awiri," anatero Martina, asakudziwa n'komwe kuti achita chiyani.

Anaimbira Gershom masana omwewo. Iye anamvetsera, kenako anati chimene akufunacho amachitcha laitibokosi. Anafotokoza kuti munthu akagunda chithunzi, tsamba lonse limada, chithunzicho n'kutulukira pamwamba, chachikulu, chodzaza sikirini, chili ndi timivi m'mbali topitira ku china ndi kamtanda kotsekera. Kuti bulogu izichita zimenezo pamafunika pulagini, kapulogalamu kakang'ono kolumikiza ku bulogu kuti kaiwonjezere luso. Anamuuza kuti alowe mkati mwa bulogu, apite pamene pali mapulagini, alembe liwulo m'Chingerezi, asankhe imodzi imene anthu ambiri akugwiritsa ntchito ndiponso imene eni ake anaikonzanso posachedwa. Iye sakanatha kubwera, inali nthawi ya mayeso.

Atafufuza m'mawa mwake, mapulagini anatuluka ambirimbiri, ofanana mayina ngati ana a nyumba imodzi. Martina anawerenga zomwe zinalembedwa pa iliyonse, nasankha imodzi, naiika, naiyatsa. Anatsegula bulogu nagunda chithunzi cha asodzi. Palibe chinachitika. Poganiza kuti pulaginiyo ndi yakufa, anaika yachiwiri. Palibenso. Magetsi anazima cha m'ma 11 koloko monga ankachitira chaka chimenecho, ndipo anakhala tsiku lonse akudula makadi a ukwati ndi sizasi, mutu uli pa chipewa chija.

M'mawa mwake anawerenga malangizo a pulagini yoyamba mpaka kumapeto, mmene ankawerengera makalata a mabwana asanawataipe. Pamzere wina pafupi ndi pansi panalembedwa kuti chithunzi chilichonse chiyenera kulumikizidwa ku fayilo yake yeniyeni, apo ayi pulaginiyo sichiona. Zithunzi zake zonse anaziika popanda kulumikiza. Anakonza chimodzi nachigunda. Tsamba linada, chithunzi chinatuluka, ndipo pamwamba pake panatulukanso china chofanana nacho. Anatseka chimodzi, chinzake chinatsala chikumuyang'ana. Anaseka yekha m'shopumo, nakumbukira kuti mapulagini awiri onse ndi oyaka. Anachotsa yachiwiri.

Koma kusekako sikunakhalitse. Chithunzi chinali chachikulu tsopano, inde, koma nkhope za asodziwo zinali phala lokhalokha. Foni yake sinajambule bwino, komanso pozitumiza ku kompyuta kudzera pa WhatsApp zinkafinyidwa. Pulaginiyo inkangokulitsa chimene wapereka, sinkatha kubweza chimene chinatayika panjira.

Makina ake a fotokope anali ndi sikana imene ankangoigwiritsa ntchito pa masatifiketi. Anapukuta galasi lake ndi sipiriti, nakweza manambala a kuthwa kwa chithunzi kufika pa 600, nayesa kaye ndi chithunzi china cha ogwira ntchito ataima pachipata cha fakitale. Makinawo analira pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Chitatuluka pa sikirini, Martina anatha kuwerenga mawu a pachikwangwani, anaona mabatani a maovolosi ndi chipsera pachipumi pa munthu wina. Pansi, padothi, panali mthunzi wa wojambulayo, zigongono zili m'mwamba. M'zithunzi zonse za m'bokosimo bambo ake munalibe, popeza nthawi zonse ankakhala kuseri kwa kamera. Anauyang'ana mthunziwo mpaka kasitomala wina anagogoda patebulo kachiwiri.

Masiku otsatirawo ankafika pashopu m'mamawa kuti apezerere magetsi. Zithunzi za pa bulogu zinali zana limodzi ndi makumi anayi, ndipo chilichonse chinafunika kuchisikana mwatsopano, kuchichepetsa pang'ono kuti chisamalize mabandulo a anthu, kuchiika, kuchilumikiza, n'kuchiyesa pakompyuta ndi pafoni. Za ku Chanyanya, zomwe zinali makumi awiri ndi zitatu, anaziika pagulu limodzi kuti munthu azingokankha ndi chala kuchoka pa china kupita pa china. M'makonzedwe a pulaginiyo anasankha kuti kumbuyo kuzikhala kwakuda bii, ndi kuti mawu a pansi pa chithunzi azioneka ndi zilembo zazikulu. Chithunzi cha asodzi chija anachisikana komaliza. Atachitsegula anaona nkhope ya mwamuna wachipewa, yowala bwino, ya masaya otupa ndi mpata pakati pa mano. Anasangalala, nalakalaka Lachinayi litafika msanga.

Mayi Bertha anabwera atavala diresi la kutchalitchi, opanda beseni. Sanabwere ndi Chileshe, anati akufuna ayambe aona okha. Martina anawakokera mpando patsogolo pa kompyuta, natseka chitseko kuti kuwala kusasokoneze.

"Gundani apa, mayi."

"Gundani ndimwe."

Martina anagunda. Tsamba linada, asodzi khumi ndi asanu ndi awiri anadzaza sikirini. Anakulitsanso mbali ya kumanzere mpaka wachipewa uja anatsala yekha.

Mayi Bertha anawerama. Anayang'ana nthawi yaitali osaphethira. Kenako anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, naika manja pamiyendo.

"Si beve," anatero motsitsa mawu. "Aba ni ba Chindikani. Benze kubwereka chipewa cha ba Goodwell."

Martina anayang'ana nkhope khumi ndi zisanu ndi imodzi zotsalazo ngati angathe kuwapeza yekha munthu amene sanamuonepo. Anazikulitsa imodziimodzi, mayi Bertha akupukusa mutu pa iliyonse. A Goodwell munalibe. Panja wogulitsa tomato ankakangana ndi kondakitala wa minibasi, ndipo mawu awo ankamveka bwinobwino m'kachipindamo.

"Pepani, mayi," anatero Martina. "Mwina ndikanangochisiya mmene chinalili."

Ankanena zoona. Kwa milungu ingapo mayiyu anali ndi amuna awo pachithunzi, ngakhale anali kadontho chabe, ndipo ntchito yake yonse ya masabata awiri inathera pa kuwalanda kadonthoko.

"Iyayi," anayankha mayi Bertha. "Sembe nauza mwana kuti aba ndiye atate bako, kansi ni bena. Icho sembe chaipa maningi." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Patapita kanthawi analoza pa sikirini. "Aba ba Chindikani banafa na chifuba. Aba ni ba Moses, banayenda ku Itezhi-Tezhi. Aba babili ni pa ubale, bonse kulibe."

Martina anatenga cholembera. Sanaganize n'komwe, dzanja linangopita lokha. Anawapempha kuti ayambirenso kumanzere, ndipo mayi Bertha anatchula mayina khumi ndi anayi mwa khumi ndi asanu ndi awiriwo, ena ndi mayina amene ankaitanirana pamadzi omwe. Atamaliza anafunsa kuti kamuvi kali kumbaliko n'kachiyani. Martina anawaonetsa, ndipo ulendo uno anagunda okha.

Zithunzi zinayamba kudutsa. Amuna akusoka ukonde. Njinga zitamangidwa madengu. Ana ali m'madzi ofika m'mawondo. Pa chilichonse mayi Bertha ankaima, kutchula amene akuwadziwa, Martina akulemba. Mawu awo anayamba kumasuka, mpaka anaseka ataona mayi wina amene ankadziwika ndi mkangano padoko.

Pa chithunzi cha khumi ndi chisanu ndi chinayi mayi Bertha anasiya kugunda. Chinali cha mkulu wina atanyamula mlamba waukulu, ndipo n'chifukwa chake a Wenceslaus anachijambula. Koma kumbali ya kumanja, kumbuyo, kunali mtsikana wowonda atanyamula beseni m'chiuno, mwana ali kumsana. Sankayang'ana kamera. Ankayang'ana kumbali, kunja kwa chithunzi, akuseka kukamwa konse. M'mphepete mwenimweni munkaoneka dzanja la munthu litagwira nkhafi, kuyambira pachigongono kufika kuzala. Thupi lonse linatsala kunja.

"Kulitsani apa," anatero mayi Bertha.

Martina anakulitsa.

"Uyu ndine." Anagwira pakamwa. "Uyu ku musana ni Daliso, woyamba. Iyi siku naikumbuka. Benze bangofika kuchoka pa manzi, benze kuniseka ati beseni yakula kupambana mwine wake." Chala chawo chinayenda pagalasi mpaka padzanja lija, nichiima pamenepo. Pamkonopo panali kachingwe kakuda komangidwa pamfundo. "Aka kantambo ninabamangira ndine."

Analira tsopano, mosabisa, koma mosakuwa. Martina anadzuka, naima kumbuyo kwawo, naika dzanja paphewa pawo. Iyenso anali mkazi wamasiye kwa zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo ankadziwa kuti pa nthawi ngati imeneyi mawu sathandiza. Anthu awiri anagogoda pachitseko nabwerera.

Atatonthola, mayi Bertha anafunsa ngati pansi pa chithunzicho pangalembedwe mawu. Martina anatsegula pamalo polembera, nadikira. Iwo anaganiza kaye, kenako ananena, iye akutaipa: Bertha Mweemba ndi mwana wake Daliso, Chanyanya, 1993. Dzanja ndi la a Goodwell Mweemba, msodzi. Anawawerengera kawiri, iwo navomera ndi mutu. Anawasindikizira chithunzi chonse papepala lolimba, ndi china cha mbali yokhayo ya kumanja. Mayi Bertha anazikulunga mu mpango naziika pachifuwa.

Lachinayi lotsatira anabwera ndi Chileshe, mayi wa ana awiri tsopano, wogwira ntchito m'saluni ku Kafue komweko. Chileshe anatsegula bulogu pafoni yake, nagunda chithunzicho, nachikoka ndi zala ziwiri mpaka dzanja lija linadzaza foni yonse. Anayang'ana dzanjalo, nayang'ana lake.

Kuyambira pamenepo mayi Bertha akamaliza kugulitsa nsomba amadutsira pashopu. Nthawi zina amabwera ndi mnzawo wa ku doko, nthawi zina ndi mkulu wina amene anagwirapo ntchito pafakitale, ndipo amakhala patsogolo pa kompyuta kutsutsana kuti uyu ndi ndani. Martina salemba dzina pokhapokha anthu awiri atagwirizana. Panali banja lina limene linapempha kuti chithunzi cha mayi awo chichotsedwe, ndipo anachichotsa tsiku lomwelo osafunsa chifukwa. Panalinso mwamuna wina wa ku Kabwe amene analemba pa bulogu kuti waona ukwati wa makolo ake koyamba, napempha kuti amutumizire.

Nkhope ya a Goodwell sinapezeke mpaka lero. Martina anafufuza zithunzi zonse zolembedwa Chanyanya kuseri, ngakhale zomatirirana zimene anazilekanitsa ndi nthunzi ya ketulo, koma sanawapeze. Anawauza mayi Bertha mosabisa, iwo nati zilibe kanthu, zikomo.

Maso a Martina ayamba kufooka, ndipo chaka chatha anagula magalasi. Pa bulogu pali zithunzi mazana anayi ndi makumi asanu ndi limodzi, mwina theka la zimenezo zili ndi mayina. Mwana wake wamkulu, amene amakhala ku Ndola, wakhala akumuuza kuti atseke shopu apite akapume kumeneko. Iye amayankha kuti adzapita akamaliza za ku Shimabala, zomwe sanaziyambe n'komwe chifukwa sanapeze munthu wa kumeneko wodziwa anthu akale. Sabata yatha mayi wina wogulitsa repu pamsika anamuuza kuti apongozi ake anabadwira komweko, ndipo miyendo ikalola adzabwera nawo Lachiwiri.